Mlonda wa m'kabokosi: mbiri ya BIOS ndi magemu otsanzira kwa Kaluluma

Msika wa fodya ukatsegulidwa, cha mu Epulo, malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1 kumpoto kwa Kasungu amadzuka kutulo. Pa Nkhamenya, pa Chatoloma ndi m'midzi ya kwa Kaluluma, kumene Chichewa ndi Chitumbuka zimadyera mbale imodzi, malole odzaza mabelo amatsika kulowera ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Pakapita masabata angapo, fodya uja amabwerera njira yomweyo atasanduka malata, njinga, masola ndi mafoni.

Nyengo imeneyi wokonza mafoni sadya nsima yotentha. Pakhonde pake pamakhala mzere: uyu foni yake yangoima pa chizindikiro cha kampani, ikufunika kuflasha, uyo akufuna nyimbo za kwaya mu memore khadi, winayo ndi mnyamata amene wakhala akusoka fodya m'chigafa kuyambira Febuluwale, ndipo lero wabwerera mphoto yake, magemu a mpira. Gemu ina ikangolowa m'foni imayamba pompo. Ina imakana, sikirini n'kungoti bii, mpaka wokonzayo anene kuti, "Iyi, mphwanga, imafuna BIOS." Amatumiza kafayilo kena kuchokera m'kompyuta yake, ndipo foni ija imayamba kulira kaliridwe ka makina amene eni ake adaleka kupanga kalekale.

Kafayilo kameneka n'kochepa. Ka PlayStation yoyamba ndi theka la megabayiti, kosafika ngakhale pa nyimbo imodzi; ka PlayStation 2 ndi mamegabayiti anayi. Koma kadakokera makampani kubwalo la milandu ku America, ndipo mpaka lero ndi kamene kamakhala pa malire a chololedwa ndi choletsedwa pa nkhani ya magemu akale. Mbiri yake ndi ya chipata ndi mlonda: ndani alowe, ndani abwerere. Munthu wa ku Kasungu safunika womasulira pa nkhani yotere, chifukwa adaiphunzira kale pa belo la fodya.

Nambala ya pa belo

Lamulo la mbewu zapadera la 1963, Special Crops Act, lidapatsa boma mphamvu yosankha amene angalime mbewu zina za malonda. Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, fodya wa ndalama zambiri, burley ndi wowotcha m'mabalani, adasungidwira maesiteti. Mlimi wa m'mudzi adasiyidwa ndi chikopa ndi mitundu ina, yogulitsa ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma. M'zaka za m'ma 1970 chigwa cha Kasungu chidadzaza maesiteti: a Press, a General Farming, a nduna ndi akuluakulu a chipani, kuphatikizapo minda ya alimi osankhidwa pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mabanja ochokera kummwera, kumene malo adachepa, ankabwera pa malole kudzakhala matenanti.

Kuokushoni belo silinkalowa chifukwa cha kukongola kwa tsamba. Linkalowa ndi nambala, yosonyeza kuti mwini wake ali ndi chiphaso komanso mlingo wa makilogalamu omwe waloledwa kugulitsa. Tsamba liwale bwanji, lopanda nambala linali udzu chabe. Tsono anthu adapeza njira zawo. Ena ankalima burley mwakachetechete n'kukamulowetsa m'mabelo a esiteti yoyandikana nayo, mwini nambala n'kudyapo gawo lake. Ena adalembetsa minda ya makolo ngati timaesiteti kuti apeze nambala yawoyawo. Chingwe chidayamba kumasuka mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima burley kudzera m'makalabu, ndipo zaka khumi zisanathe, burley wochuluka wa dziko lino ankachokera m'manja mwawo.

Aliyense amene adakhalapo m'masiku amenewo amadziwa kuti katundu yemweyo, wabwino chimodzimodzi, amalowa kapena kubwezedwa malinga ndi chizindikiro chomwe wa pachipata wauzidwa kuti aziyang'ana. Makina a magemu adamangidwa pa nzeru yomweyo.

Mabokosi a ku Joni

Zoimba ndi zoonetsa zithunzi zakhala zikufika kuno pamutu pa apaulendo. Mu 1949 kudabwera kawailesi kotchipa ka Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready kuti anthu azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Amuna opita ku migodi pa Wenela ankabwerako ndi magumbagumba, masutikesi ndi mawotchi. Ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, yomwe idapha Amalawi oposa 70 pobwerera kumudzi, idachititsa Kamuzu kuimitsa ulendowo. Udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Koma njira ya ku Joni sidamere udzu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anyamata a ku Mzimba ndi a kumpoto kwa Kasungu akhala akupita paokha, ndipo magalimoto okoka ngolo amabwerako atasenza mafiriji, masofa, ma TV, ndi pakati pa mabulangete, timabokosi ta ana.

Dziko lino lidakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka pa 1 Epulo 1999, pamene TVM idayamba kuulutsa. Ambiri kumudzi adayamba kuonera sikirini m'tinyumba ta vidiyo toyendera jenereta kapena batire la galimoto, momwe ankaonetsa mafilimu a karate ndi a nkhondo. Pa ma TV otere ndi pomwe padalumikizidwa magemu oyamba.

Ndipo oyambawo sadali enieni. Kampani ya Nintendo idatulutsa Famicom ku Japan mu Julayi 1983. Makinawa adalibe mlonda: ukalowetsa katiriji, zolembedwa m'katirijimo zinkangoyamba kuyenda. Mafakitale a ku Taiwan, kenako a ku China, adawakopera mosavuta, mpaka kudzapanikiza makina onse m'kachipangizo kamodzi kokwiriridwa ndi kadontho kakuda konga phula. Ku Russia zokopera zimenezi zidatchuka ndi dzina la Dendy, ku South Africa ndi la Golden China, ndipo zina zidavekedwa thupi longa la PlayStation n'kutchedwa PolyStation. Za mtundu umenewu ndi zomwe zidalowa kuno m'zikwama: makatiriji achikasu olonjeza magemu zikwizikwi pomwe muli ochepa obwerezedwabwerezedwa, kamfuti kowombera abakha, Mario, Contra ndi akasinja. Mwana wa kuno adamudziwa Mario asanaonepo Nintendo yeniyeni.

Mlonda alembedwa ntchito

Mawu akuti firmware adawapeka Ascher Opler mu 1967, m'magazini ya Datamation, potchula malangizo okhala pakati pa chitsulo chogwirika ndi mapulogalamu omwe munthu amaika n'kuchotsa. Lero amatanthauza malangizo osungidwa m'kachipangizo ka m'kati mwa makina, amene amadzuka oyamba moto ukangolowa. Akuti BIOS adachokera kwa Gary Kildall, yemwe adawagwiritsa ntchito mu pulogalamu yake ya CP/M mu 1975, ndipo adafala ndi kompyuta ya IBM ya 1981. Wokonza mafoni akamati akuflasha foni, ndiye kuti akufufuta firmware yowonongeka n'kulembamo ina.

M'makina a magemu, BIOS imagwira ntchito ya kapitawo wa pa esiteti. Ndiye amayamba kudzuka, amawerenga zipangizo ngati zilipo zonse, amakonza pogwirira ntchito, n'kuitana gemu kuti iyambe. Gemu ikafuna kusunga pomwe wosewera wafika, kapena kutenga kanthu m'chimbale, kawirikawiri imatuma iyeyo. Pakutha pa zaka, kapitawo yemweyu adapatsidwanso ntchito ya pachipata.

Potulutsa makina ake ku America mu 1985, Nintendo idaikamo loko wotchedwa 10NES: kachipangizo kamodzi m'makina, kanzake m'katiriji. Tiwiriti tikapanda kulonjerana bwino, makinawo ankangoyaka n'kuzima. Sega nayo idauza makina ake a Genesis kuti azifufuza zilembo zinayi za dzina lake m'katiriji iliyonse.

Sony idafika nayo patali nzeruyi. PlayStation, yomwe adaitsogolera kupanga ndi Ken Kutaragi, idatuluka ku Japan pa 3 Disembala 1994, ndipo magemu ake adali pa zimbale za CD, zosavuta kukopera. Choncho pafupi ndi bowo la pakati pa chimbale chenicheni, kanjira komwe kuwala kumatsata kadapindidwa mwadala, ndipo m'kupindikamo mudabisidwa zilembo zinayi: SCEI za ku Japan, SCEA za ku America, SCEE za ku Ulaya. Makina wamba okopera zimbale sangathe kulemba kupindika kumeneku. Mukayatsa, sikirini imati mbee, chizindikiro cha Sony chikuoneka, kaphokoso kotchuka kaja komwe adapeka Takafumi Fujisawa kakulira. Pa nthawi yomweyo BIOS, mothandizana ndi kachipangizo koyendetsa chimbale, ikufunsa nambala ya belo. Zilembo zikakhala za dera lina, kapena zikasowa, gemu siilowa.

N'chifukwa chake mafayilo a BIOS amayenda ndi mayina onga scph5500, scph5501 ndi scph5502. Nambala yomalizayo ndi dera: 0 ndi Japan, 1 ndi America, 2 ndi Ulaya. Africa adalibe chilembo chake. Adangokoleka ku Ulaya, popeza ma TV a kuno ambiri ndi a dongosolo la PAL, lomwe limaphethira ka 50 pa sekondi, pomwe a ku America ndi ku Japan ndi a NTSC, ophethira ka 60. Mwana amene malume ake adamutumizira makina kuchokera ku Johannesburg, wina n'kumupatsa chimbale cha ku America, ankapeza kuti ziwirizi sizilankhulana, ngakhale zonse zili zenizeni ndipo zidagulidwa ndi ndalama. Akapeza njira yozikakamiza, pa TV yakale zithunzi zinkatuluka zopanda mtundu, mwina zikugudubuzika.

Kulowa pa nambala ya wina

Yankho lidabwera msanga, ndipo mlimi wakale wa burley akadalizindikira. Ndi kachipangizo kotchedwa modchip, komwe amisiri amakawotcherera ndi timawaya tochepa m'kati mwa makina. Ntchito yake ndi imodzi: kunong'oneza mlonda zilembo zinayi zija, kaya m'makinamo muli chimbale chotani. Belo la m'mudzi lalowa pa nambala ya esiteti.

PlayStation 2 idatuluka mu Marichi 2000, ndipo idagulidwa kuposa makina ena onse a mtundu wake, oposa 155 miliyoni. Ndi imene idakhazikika kwambiri m'tizipinda ta magemu ta m'matauni ndi m'misika ya kumudzi: benchi, TV, mapadi awiri, kulipira pa mpira uliwonse, wogonja n'kupereka padi kwa wotsatira. Pro Evolution Soccer, FIFA, Mortal Kombat, Tekken ndi Grand Theft Auto zidalera mbadwo wonse. Mdani wake wamkulu kuno ndi fumbi. Diso lowerengera chimbale likachita khungu ndi fumbi la mu Okutobala, sikirini imangoti psuu, makina akupempha chimbale chomwe chili kale m'katimo.

Apa akatswiri ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana adapeza kakhomo kakuseri m'BIOS momwemo. Sony idapanga makinawa kuti poyaka aziyamba ayang'ana mu memore khadi ngati muli malangizo atsopano ochokera ku kampani. Pulogalamu yotchedwa Free McBoot imadziveka malaya a malangizo amenewo, makina n'kuilandira ngati ya kwawo. Ikalowa imatsegulira inzake, Open PS2 Loader, yomwe imawerenga magemu kuchokera mu fulashi kapena mu hadi disiki, chimbale osafunikanso. Zovuta zilipo: polowetsera fulashi pa PlayStation 2 ndi pa mtundu wakale wochedwa, motero timafilimu ta m'kati mwa gemu timatsimphina. Ndipo mu 2008 Sony idatseka kakhomoko m'makina opyapyala omaliza a mtundu wa SCPH-90000. Ichi n'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito, asanatchule mtengo, amayamba watembenuza makina n'kuwerenga kapepala ka pansi.

Sony idasiya kupanga PlayStation 2 pofika kumayambiriro kwa 2013, ndipo mu 2018 idaleka kuwakonza ngakhale ku Japan komweko. Kuno makinawa adapitiriza kugwira ntchito, awiri akufa akupereka ziwalo kwa wachitatu. Luso lotere si lachilendo m'boma lino. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, adayamba ndi kumasula mawailesi akufa kuti aone chomwe chimalankhula m'katimo. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu, adatola zitsulo pa dzala la esiteti ya fodya, n'kumanga makina a mphepo opangira magetsi ndi dayinamo ya njinga. Dziko lonse lidamumva atalankhula ku Arusha mu 2007. Anzake a maganizo omwewo, osatchuka, ali pa makonde a misika yonse ya m'mbali mwa M1.

Bawo la pansi

Nanga makinawo akatheratu? Apa ndi pamene pamalowera emulator, pulogalamu yotsanzira. Wosewera bawo amaimvetsa mosavuta. Bawo losema pa thabwa la mlombwa likasowa, anthu amakumba pansi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, n'kutola miyala m'malo mwa nkhomo. Thabwa palibe, koma masewerawo ndi omwewo, ndipo katswiri amadya mnzake chimodzimodzi. Emulator imakumba maenje a makina akale m'kati mwa kompyuta kapena foni, kotero kuti gemu ikalowa imayesa kuti ili kwawo.

Ntchitoyi idakula mu 1997. Mu Febuluwale chaka chimenecho Nicola Salmoria wa ku Italy adatulutsa MAME, yotsanzira makina a magemu oponyamo ndalama, ndipo patangopita miyezi iwiri kudabwera NESticle, yotsanzira Nintendo. Makina onga Famicom adali osavuta, popeza adalibe kapitawo. Koma gemu ya PlayStation ikafika m'maenje atsopanowo imayamba kuitana kapitawo wake. Wopanga emulator ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kubweretsa kapitawo weniweniyo, kutanthauza kukopera BIOS kuchokera m'makina enieni n'kuisandutsa fayilo. Yachiwiri ndi kuphunzitsa munthu wina kuti aziyankha ndendende monga amayankhira kapitawoyo, popanda kutenga liwu ndi limodzi lomwe la kampani. Yoyamba imalondola kwambiri, koma fayiloyo ndi chuma cha Sony. Yachiwiri ndi yoyera pamaso pa lamulo, koma ndi ntchito ya thukuta, ndipo magemu ena amamuzindikira mlendoyo n'kukana.

Njira yachiwiriyi idayesedwa kale pa makompyuta. Mu 1984 kampani ya Phoenix idalemba BIOS yofanana ntchito ndi ya IBM pogawa antchito pawiri: gulu lina lidawerenga ya IBM n'kufotokoza zomwe imachita, ndipo wolemba yatsopanoyo adali munthu amene sadaionepo. Makompyuta otchipa omwe adadzaza dziko pambuyo pake adadzera pa khomo limeneli.

Mu Januwale 1999, Steve Jobs adaonetsa pa msonkhano wa Macworld pulogalamu ya kampani ya Connectix yotchedwa Virtual Game Station, yoseweretsa zimbale za PlayStation pa kompyuta ya Macintosh. Sony idasuma. Connectix idavomera kuti pophunzira idakopera BIOS ya Sony kambirimbiri, koma yomwe inkagulitsa idali yolemba yokha. Mu Febuluwale 2000 bwalo la apilo la Ninth Circuit lidagamula kuti kukopera kophunzirirako n'kololedwa, potsatira chigamulo cha 1992 pa mlandu wa Sega ndi Accolade. Kampani ina yaing'ono, Bleem, nayo idalimbana ndi Sony osagonja m'khoti. Koma milandu imadya ndalama ngati chiswe. Mu 2001 Sony idagula Virtual Game Station n'kuitsekera m'kabati, ndipo Bleem idatseka zitseko mu Novembala chaka chomwecho.

Chidatsala ndi mwambo womwe ukutsatidwa mpaka lero. Opanga ma emulator onga ePSXe ya 2000, PCSX2 ndi DuckStation amapereka pulogalamu yokha, n'kunena kuti BIOS aliyense akatenge m'makina ake omwe adagula. Amakumba maenje, koma kapitawo mubwere naye nokha.

Zonse m'thumba

Kwa Kaluluma nkhaniyi idafika ndi foni. TNM idayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel mu 1999, yomwe idadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010. Chidasintha zinthu ndi mafoni otchipa a Android, makamaka itel ndi Tecno a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi m'dziko muno ndiyo inkaunikira magetsi, ndipo kumudzi zidali zochepa kuposa apo. Ngakhale kumene mawaya a ESCOM adafika, chaka cha 2022 chidaphunzitsa anthu, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. PlayStation 2 imafuna TV ndi magetsi okhazikika. Foni imakhuta ndi kasola ka padenga.

Mu Novembala 2012, Henrik Rydgård wa ku Sweden adatulutsa PPSSPP, yotsanzira PSP, kamakina ka m'manja komwe Sony idatulutsa mu 2004. Iye adatsata njira yachiwiri ija, motero PPSSPP siifuna BIOS, ndipo imayenda ngakhale pa foni yofooka. Ichi ndicho chinsinsi cha gemu ija yomwe imangolowa pompo pakhonde la wokonza mafoni. Kampani ya Konami idasiya kalekale kutulutsa mpira wa PSP, koma okonda masewerawa amatenga wakale uja, chaka ndi chaka, n'kusinthamo mayina, mayunifolomu ndi nkhope za osewera, kenako n'kuupatsa dzina la chaka chatsopano. Ku Brazil mwambo wotere udabala Bomba Patch pa PlayStation 2. Mnyamata wa pa Nkhamenya akamagoletsa ndi wosewera amene wangosamukira ku timu ina mwezi watha, pansi pake pakuyenda gemu yomwe mwina ndi yaikulu kwa mng'ono wake.

Yokanayo ndi ya PlayStation 2. Emulator yake, AetherSX2, yomwe idatuluka kumapeto kwa 2021, mwini wake n'kuisiya kumayambiriro kwa 2023, imafuna foni yamphamvu komanso BIOS yeniyeni. Bandulo ya intaneti ndi yodula, choncho mafayilo amayenda dzanja ndi dzanja, pa Xender kapena mu memore khadi, ngati mbewu ya mbatata yopemphana pakati pa anansi. Wolandira sadziwa kuti kafayiloko kadachokera m'makina a yani, m'dziko liti, chaka chiti. Ndipo monga mbewu yopemphayo nthawi zina imabwera ndi matenda, mafayilo ena otchedwa BIOS amakhala misampha yolowetsa mavairasi m'foni.

Nyengo ya makiyi

Makina a masiku ano adasiya kudalira mlonda wofunsa zilembo zinayi. Gemu yonse imabwera itakiyidwa, ndipo makiyi ake ndi manambala achinsinsi obisidwa m'makinamo. Lamulo la ku America la 1998, Digital Millennium Copyright Act, limaletsa kuthyola loko wotere, ndipo ichi chidatembenuza mlandu. Mu Meyi 2023 emulator ya Dolphin idalephera kulowa pa msika wa Steam, Nintendo itadandaula, ndipo nkhani idali pa kiyi ya makina a Wii. Mu Febuluwale 2024 Nintendo idasumira opanga Yuzu, yotsanzira Switch, ndipo mu Marichi iwo adavomera kulipira madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Emulator inzake, Ryujinx, idatsatira mu Okutobala.

Madandaulo a makampani si opanda pake. Switch idali ikadali pamsika, ndipo anthu ankasewera magemu atsopano asanatulutsidwe n'komwe. Woimba wa ku Malawi amaudziwa ululu umenewu, chifukwa adaona chimbale chake chikugulitsidwa pa mtengo wa chitumbuwa m'malo oberna nyimbo. Ndicho chifukwa chake kuli COSOMA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, ndipo lamulo latsopano la 2016 lidatsegula njira yodula kandalama pa zipangizo zosungira ndi kukoperamo zinthu kuti kazipita kwa eni luso. Wolemba BIOS naye ndi mwini luso.

Koma mbali inayo ilinso ndi mboni. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation lidapeza kuti mwa magemu omwe adatuluka ku America chaka cha 2010 chisanafike, 87 pa 100 alionse sakugulitsidwanso. Mu Disembala 2018 Sony idatulutsa PlayStation Classic, kamakina kokumbukira zakale, ndipo m'kati mwake mudapezeka PCSX ReARMed, emulator yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, pulogalamu ya mtundu womwe kampaniyo idalimbana nawo pafupifupi zaka makumi awiri m'mbuyomo. Mwini munda adakapempha mbewu kwa amene ankawathamangitsa.

Chipata nacho sichidachoke. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko omwe munthu angalembetsere akaunti ya PlayStation ya pa intaneti. Amene ali ndi ndalama ndipo akufuna kugula mwachilungamo amalembetsa ngati wokhala ku South Africa kapena kwina. Mu Meyi 2024, Sony italamula kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta akhale ndi akaunti yotere, gemuyo idachotsedwa pamsika m'mayiko ndi madera oposa 170, ambiri a mu Africa ali momwemo. Zaka zoposa makumi atatu chichokereni burley m'manja mwa maesiteti okha, mdzukulu wa tenanti akugulabe pa nambala ya wina.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Gemu yogula pa intaneti ili pachala: sitolo ikatseka, kapena dziko lanu likafufutidwa pa mndandanda, yapita. Mwina ndi chifukwa chake wokonza mafoni amasunga timafayilo tija m'malo awiri kapena atatu, monga mayi amasungira mbewu ya chimanga cha makolo pamwamba pa moto. Pansi pa tebulo lake pangapezeke PlayStation 2 yakufa diso, yodzaza fumbi, yodikira kuchotsedwa ziwalo. Panja, dzuwa likulowa kuseri kwa zigafa zopanda fodya, anyamata atatu aunjikana pa foni imodzi, ndipo kapitawo wa makina onga omwewo, amene adalembedwa ntchito ku Japan iwo asanabadwe, wadzuka, wawerenga zipangizo, waitana gemu. Mpira wayamba.